Makalata a Mayi Elvira

Profira anali akupinda malaya achinayi pamene belu la pachitseko linalira. Sanadzuke. Anamva mwana wake Smaranda akukoka mapazi m'nsapato za m'nyumba za bambo ake, kenaka mawu a mwamuna wopuma mwawefuwefu chifukwa cha masitepe.

"Amayi, kwabwera a Costache akuwailesi."

Costache anagwira ntchito ndi malemu Teofil Bejan, mwamuna wa Profira, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, iye akusamala makina kuseri kwa galasi, Teofil akuulutsa nyimbo zakale za vayolini ndi piyano m'mawa uliwonse. Analowa atakumbatira katoni, ndevu zili nyankhalala ngati wachibale wa malemu amene mwambo umamuletsa kumeta pamaliro, ngakhale panalibe amene akanamudzudzula akanameta. Anaika katoniyo patebulo ndi kuchita chizindikiro cha mtanda, atayang'ana pakona pomwe kanyali ka mafuta kankayaka patsinde pa zithunzi za oyera.

"Mulungu awakhululukire," anatero.

"Awakhululukire," Profira anayankha.

Linali tsiku lachisanu ndi chitatu chimwalirire Teofil. Magalasi onse a m'nyumba anali ophimbidwa ndi nsalu, wailesi nayo ili ndi thaulo pamwamba. Pazenera panali tambula ya madzi yoti mzimu ukabwera usapeze pouma. Tirigu wowiritsa wa koliva, chakudya chokumbukira akufa, anali akuzizira kukhitchini, ndipo pabedi panali zovala zoti mawa lake, akachoka kutchalitchi, zikaperekedwe kwa anthu m'dzina la malemu.

"Ndi makalata a omvera," anatero Costache. "Ena ndi akale, ena abwera sabata yomwe ino. Lamlungu kudzakhala ola lowakumbukira, ndiye abwana akuti a pabanja musankhe oti tiwerenge. Smaranda, akuti ukafuna ubwere udzawerenge ndi pakamwa pako."

"M'nyumba muno simulira wailesi mpaka atakwana masiku makumi anayi," anatero Profira.

"Tikudziwa, mayi. Idzalira m'nyumba za ena."

Smaranda anali atatsegula kale katoniyo. Anafika kuchokera ku Torino, dziko lakunja, komwe amasamalira nkhalamba za eni, tsiku loika maliro lomwelo, ndipo chifikire manja ake sanakhale chete. Anasolola kalata imodzi.

"Uyu ndi woyendetsa takisi. Tamvani. 'Zaka khumi ndinkamenya wailesi ya m'galimoto m'mawa uliwonse poganiza kuti yafa, osadziwa kuti ndi bambo Bejan angokhala chete dala. Ndinaphwanya ziwiri. Pano mwatipatsa kamtsikana kolankhula ngati kakuthamangitsidwa ndi galu, vayolini asanathe kayamba kale kutiuza kuti kugwa mvula. Ndibwezereni nkhalamba yanga.'"

Costache anaseka mpaka kutsokomola. Anthu onse a mumzinda omwe ankatchera wailesiyo ankaudziwa mchitidwe umenewo. Nyimbo ikatha, Teofil sankalankhula. Ankapuma kasanu ndi kawiri, pang'onopang'ono, kenaka ndi pomwe ankatchula dzina la nyimboyo. Abwana atatu osiyana anayesa kumuletsa, onse analephera.

"Uyu akuti mawu awo anali ngati buledi wongochoka mu uvuni," Smaranda anapitiriza. "Uyu ndi mphunzitsi wopuma, akuti bambo Bejan amaika nyimbo za m'tchalitchi mopyola, wailesi si manda. Uyu akuti amatchula mayina a Chijeremani monyada ngati anabadwira komweko."

"Ameneyo ankalemba chaka ndi chaka," anatero Costache. "Bambo ako ankamutcha mlamu. Onsewa ankawayankha, Smaranda, otukwana omwe. Tatembenuza envulopuyo uone."

Kumbuyo kwa envulopu iliyonse kunali timawu ta pensulo: Ndayankha, kenaka deti. Smaranda anasisita timawuto ndi chala. Kenaka anayamba kufukula m'katoni mwachangu, akuponya makalata patebulo.

"Nanga makalata a mayi Elvira ali kuti?"

Manja a Profira anaima pakolala ya malaya.

"Mulibe," anatero Costache, akuyang'ana chipewa chake. "Ndinalakwa kukuuza zimene zija kumanda. Onse asanu ndi awiri anatenga bambo ako, tsiku lomwe anatuluka mu ofesi ya abwana atawapumitsa ntchito."

"Koma inu munawaona."

"Abwana anatiwerengera pamsonkhano."

"Ankati chiyani?"

"Smaranda, pamaso pa mayi ako..."

"Amayi akhala nawo zaka makumi anayi ndi zitatu, sangakomoke. Ankati chiyani?"

Costache anatembenuza chipewa chija kawiri. "Oyambirira anali aulemu ndithu. Kuti munthuyu watopa, mumulole akapume. Kenaka anayamba kuluma. Kuti akupuma ngati hatchi yokoka ngolo pachitunda. Kuti akakhala chete ife timaganiza kuti wafera pampando. Kuti tikumva mano ake oikirira akugundana, tikulephera kudya chakudya cha m'mawa." Anapukusa mutu. "Abwana anali akufuna kale mawu achinyamata, ndiye anangoti, mwamva omvera. Koma apo pa mano mayiyo ananama. Ine ndimavala zomvera m'makutu, ndimamva ngakhale m'mimba mwa munthu mukalira. Mano sindinawamvepo. Sindinkadziwa n'komwe kuti Teofil ali ndi mano oikirira."

"Nanenso sindinkadziwa," anatero Smaranda pang'onopang'ono. "Ndinadziwa dzana, amayi atandionetsa kachikho kowaikamo usiku."

Pansi pamsewu tramu, kasitima ka magetsi ka mumzinda, inadutsa, tambula ya pazenera inanjenjemera.

"Ndiye kuti ndi munthu wowadziwa," anatero Smaranda. "Amayi, ndani ankadziwa? Mkazi wa dokotala wa mano uja? Kapena a Aglaia apansipa, amene amamva chilichonse kudzera m'mapaipi?"

"Usiye anthu," anatero Profira.

"Ndisiye? Munthu wapha bambo anga ndi cholembera, ndisiye? Inu simunawamve pafoni chaka chathachi? Ndikawafunsa kuti mwadzuka bwanji, ankangoti ndadzuka. Munthu amene ankatha kundisunga pafoni ola lonse za woimba piyano mmodzi! Lamlungu ndipita. Ndikatchula dzina limenelo mzinda wonse ukumva, ndikanena kuti, mayi Elvira, kulikonse muliko, mwakhuta tsopano? Ndipo ndikamudziwa, ngakhale akhale ndani, sindidzamuyang'ananso kumaso mpaka imfa."

"Chimene chinandidabwitsa ine n'chimodzi," anatero Costache akudzuka. "Makalata a pulogalamu amayamba kufika m'manja mwa muulutsi. Akanatha kung'amba, ambiri amatero, palibe akanadziwa. Koma Teofil, ya mayiyo ikabwera, ankaiwerenga, n'kugona nayo tsiku limodzi, n'kukaipereka yekha kwa abwana."

Profira anamuthirira kachasu wa maula m'katambula. Costache anadontheza pang'ono pansi kwa malemu, anamwa wotsalayo ataimirira, n'kutsika masitepe akugwira khoma.

Smaranda anapita kuchipinda chaching'ono komwe kunali desiki ya bambo ake. Profira anamumva akukoka madilowa, akugwetsa mabuku. Iye anakhala pabedi pakati pa zovala za mwamuna wake.

Panali patatha pafupifupi chaka ndi theka kuchokera tsiku limene dokotala anamuitanira pambali m'khonde la chipatala. Anamuuza mosabisa: kudzuka folo koloko, kuyenda m'chisanu kukakwera tramu yoyamba, masitepe a nsanjika zinayi akuwailesi, mtima wa Teofil sufika nazo kumapeto kwa dzinja lozizirali. Profira anachonderera mwamuna wake patebulo, anachonderera pogona. Teofil anangoseka. "Ukufuna ndizikhala pano n'kumawerenga maluwa a pakatani? Ndikadzagwa ndidzagwera pampando wanga, Costache adzangoika nyimbo yaitali." Profira anayatsa makandulo, anasala Lachitatu ndi Lachisanu, palibe chinasintha. Ndiye tsiku lina anang'amba pepala m'kope, n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti dzanja lake lisadziwike. Dzina la Elvira analitenga pamanda ena omwe ankawadutsa popita kwa amayi ake. Anakwera tramu mpaka kumalire a mzinda kukaponya kalatayo.

Yoyamba sinachite kanthu. Yachiwiri chimodzimodzi. Ankamumva m'mbandakucha akuima kawiri pamasitepe potsika, ndipo iye ankatenga pepala lina n'kufunafuna mawu opweteka kuposa aja. Za mano analemba akulira, kachikho kali pamaso pake pasinki.

Itapita yachisanu ndi chiwiri, Teofil anabwera masana, n'kupachika chikhoti. "Andipumitsa," anatero. "Kuli msuzi?"

Anakhala miyezi khumi ndi umodzi. Ankadzukabe folo koloko, n'kukakhala kukhitchini wailesi ili pansipansi, akumvera kamtsikana kaja. Sanakanenepo choipa. Mathalauza anayamba kumukulira, lamba anabooledwa kawiri. Anamwalira Lachinayi masana, nyuzipepala ili pamiyendo. Profira sankadziwa ngati anamuonjezera miyezi khumi ndi umodzi kapena anamulanda zaka. Ankafunsa Mulungu m'mawa uliwonse, yankho osabwera. Kwa wansembe sanaulule, ndipo chifukwa chake panali patadutsa chaka osalandira mgonero. Amayi anzake akamufunsa ankati sanasale mokwanira.

Anadzuka, chifukwa ntchito inali isanathe. Chovala cha malemu sichiperekedwa chili ndi kanthu m'thumba. M'jekete anapezamo matikiti akale a tramu ndi chipeso. M'thalauza munali siwiti ya chifuwa yomatirira kunsalu. Chomaliza chinali chikhoti chachikulu cha m'dzinja, chimene analonjeza Ilie, wosesa pabwalo la tchalitchi. Atachinyamula anamva kanthu kolimba pachifuwa, m'thumba la mkati, lomwe linali lotsekedwa ndi pini.

Sanafunike kuona kuti adziwe kuti ndi makalata aja. Anakhalanso pabedi, chikhoti chili pamiyendo, chikununkha fodya amene Teofil anasiya kalekale. M'kachipinda kaja Smaranda anali akugogodabe madilowa. Kukhitchini kunali pafupi, mapazi khumi okha, ndipo machesi anali pamwamba pa chitofu. Mapepala asanu ndi awiri sakanatenga nthawi kupsa. Smaranda akanatukwana mayi Elvira Lamlungu, akanalira, Lachiwiri akanakwera ndege atampsompsona mayi ake masaya onse.

Koma anaganiza za mawa. Wansembe akadzayamba kuimba, iye adzanyamula mbale ya koliva n'kumaigwedeza m'mwamba, ndipo aliyense wa kumbuyo adzaika dzanja paphewa la amene ali patsogolo pake, mpaka onse alumikizane ndi mbaleyo. Dzanja loyamba paphewa lake lidzakhala la Smaranda. Anayang'ana kanyali ka pakona. Mafuta anali atatsala pang'ono.

"Smaranda."

"Ndikubwera, amayi."

"Ali kuno."

Anamupatsa chikhoti chonse, osachotsa pini. Smaranda anaichotsa yekha, n'kutulutsa mpukutu womangidwa ndi lastiki. Anayang'ana envulopu yapamwamba nthawi yaitali. Kenaka anapita kukhitchini. Profira anamva chitseko cha kabati. Smaranda anabwerera ndi botolo la jamu, la mtundu womwe mayi ake ankamutumizira ku Torino chaka ndi chaka pabasi, n'kuliika pabedi pambali pa envulopuyo. Papepala lomata pabotolo panalembedwa kuti MAULA, ndi zilembo zikuluzikulu, zopendekera kumanzere, A aliyense ali ndi denga lathyathyathya, monga paenvulopuyo.

"Ndiuzeni kuti si inu."

"Ndine."

"Hatchi yokoka ngolo? Inu?"

"Ine."

"Mano, amayi? Munthu anabisa zaka zonsezi, ngakhale kwa ine mwana wake, inu n'kukawayala pamsonkhano pamaso pa anyamata oti anawaphunzitsa okha?"

"Dokotala anati safika kumapeto kwa dzinja."

"Ndiye munati afe pang'onopang'ono pakhomo, muziwaona bwino?"

Mawuwo Profira anali atadziuza yekha kambirimbiri.

"Bwanji simunandiimbire? Ndikanabwera, ndikanalankhula nawo."

"Unali ndi nkhalamba zako zokupatsa malipiro. Ndipo akanakuseka monga anandisekera ine."

"Musandiikemo ine! Ine sindinalembe kanthu." Smaranda anayenda kufika pazenera, anabwerera. "Tsiku loika maliro munandigwira kumanda, mukuti tilimbe mtima mwana wanga. Munakhala apa ndikunamizira a Aglaia, munthu amene watiphikira sabata yonse. Mumagwada pakona apo m'mawa ndi madzulo. Mumawauza chiyani oyerawo?"

"Ndimawauza zomwezi."

"Ndiye amati chiyani?"

"Sayankha."

Smaranda anaponya mpukutuwo pabedi. Lastiki, poti inali yakale, inaduka, maenvulopu n'kumwazika pamalaya opindidwa, ena chagada ena chafufumimba. Onse awiri anaona pensulo nthawi imodzi.

Smaranda anatola imodzi. Anawerenga, n'kukwinya nkhope. "Panalibe keyala. Akanayankha bwanji?" Anaibweretsa pafupi ndi zenera. "'Ndayankha, 9 Novembala. Uchi wa kumsika, botolo limodzi.' Zikutanthauza chiyani zimenezi?"

Profira anagwira m'mphepete mwa bedi. Analikumbukira botololo. Teofil, amene sankadziwa ngakhale mtengo wa anyezi, anabwera nalo tsiku lina m'thumba la chikhoti chomwechi, akuti wamva akutsokomola.

"Werenga ina," anatero.

"'Ndayankha, 1 Disembala. Ndakonza mpopi wa kukhitchini.'"

Mpopi umenewo unadontha zaka zitatu. Ankamukumbutsa sabata ndi sabata, mpaka anatopa n'kungoikapo kapu. Tsiku lina anamupeza atagona chagada pansi pa sinki, akutukwana chitsulo ndi mawu omwe omvera ake sakanakhulupirira.

Smaranda anawasanja motsatira madeti. Yachitatu inati wasonketsa nsapato zake za m'dzinja. Yachinayi, ija ya hatchi, inati wamuikira nyimbo imene anavina pa ukwati wawo, seveni koloko, nthawi imene amathira madzi maluwa. Profira anaimva tsikulo, n'kuganiza kuti yangopezeka.

"Iyi ndi ya mano," anatero Smaranda, mawu akuchepa. "'Ndayankha, 26 Januwale. Ndapita naye kutchalitchi. Ndaimirira mpaka kumapeto.'" Anayang'ana mayi ake. "Bambo? Kutchalitchi? Aja ankati oimba a kumeneko amapha nyimbo?"

"Anaimirira maola atatu," anatero Profira. "Anandinyamulira chikwama."

Yachisanu ndi chimodzi inangoti malalanje. Yomaliza Smaranda sanaiwerenge mokweza. Anaipereka kwa mayi ake, ndipo Profira anaitalikitsa ndi maso chifukwa magalasi ake anali kukhitchini. Pensuloyo inali yodindidwa kwambiri kuposa m'zinazo. Ndayankha, 3 Malichi. Ndikhala pakhomo.

Anakhala nthawi yaitali, wina kuno wina uko kwa bedi, zovala zili pakati pawo. Pamwamba wina ankakoka mpando. Smaranda anapukuta m'maso ndi mkono, mwaukali, ngati wapsa nawo mtima misoziyo.

"Iwo anakukhululukirani," anatero. "Ndi nkhani yawo. Ine ndinalandidwa bambo anga chaka chathunthu iwo ali moyo, ndipo sindikudziwa kuti ndichite nazo chiyani."

"Sindikukupempha kanthu."

"Lamlungu ndikawerenga ya wa takisi uja. Dzina linalo sindikatchula." Anasonkhanitsa maenvulopu aja, anawagogoda pabondo kuti alingane, n'kuwaika pamiyendo ya mayi ake. "Mawa ndidzaima kumbuyo kwanu, chifukwa ndi malo anga. Dzanja ndidzaika. Koma musadzandilankhulitse, amayi. Mwina mpaka Lachiwiri, mwina kupitirira."

Anatenga chikhoti chija, anapisa m'matumba onse kachiwiri, n'kuchipinda bwino kuti chikhale cha Ilie.

Profira anaika makalatawo kuseri kwa chithunzi cha pakona, n'kuthira mafuta m'kanyali. Mawa, anaganiza, adzapita msanga kukaulula, wansembe asanavale mkanjo wake. Kenaka anatenga tambula ya pazenera. Madzi anali atatsika pang'ono, monga ankachitira tsiku lililonse, ndipo inali nthawi yosintha.

Kukhitchini anathira madzi akalewo m'mphika wa duwa. Anatsegula mpopi, tambula inadzaza, anatseka. Sanachoke. Anaima tambula ili m'manja, akuyang'ana kukamwa kwa mpopiwo. Kumbuyo kwake nsapato za m'nyumba zija zinafika pakhomo la khitchini n'kuima. Profira anapuma kamodzi, kawiri, mpaka kasanu ndi kawiri, ndipo sipanagwe dontho.